Butterfly ya amuna: mpikisano umene umagamulidwa pansi pa madzi ndi pa khoma

Munthu amene waonerako mpikisano wosambira pa kanema, kaya kunyumba ku Chilomoni kaya pamalo oonetsera mpira ku Ndirande, saiwala butterfly. Ndi kasambiridwe kaja kotulutsa mikono yonse iwiri pamwamba pa madzi nthawi imodzi, mapewa ali poyera, madzi akuthovoka mbali zonse. Dzinali ndi la gulugufe, chifukwa mikono ikatambasuka imaoneka ngati mapiko. Maso a woonera amathamangira ku mikonoyo, ndipo ambiri amangoti wopambana ndi wa mapewa aakulu. Mapewa ndi ofunikadi, koma amuna asanu ndi atatu amene amafika mu fainolo ya dziko lonse onse ali nawo. Chimene chimawasiyanitsa chimachitika pamene kamera sionetsa bwino: m'chiuno, pansi pa madzi, ndi pa khoma.

Mipikisano yake ndi itatu: mamita 50, mamita 100 ndi mamita 200, m'dziwe la mamita 50 m'litali. Bungwe loyendetsa masewerowa ndi World Aquatics, limene mpaka 2022 linkadziwika kuti FINA. Mpikisano wake waukulu wa dziko lonse unayamba mu 1973 ku Belgrade, ndipo mtunda wa mamita 50 unalowamo mu 2001 ku Fukuoka. Ku Olimpiki mtunda waufupiwu sunakhalepo, udzayamba ku Los Angeles mu 2028.

Butterfly inabadwa m'mimba mwa breaststroke, kuja kosambira ngati chule. M'zaka za m'ma 1930 osambira ena anaona kuti lamulo silinkaletsa kubweza mikono kutsogolo kudzera pamwamba pa madzi m'malo mokankha pansi pake, ndipo atayesa anapeza kuti akuthamanga kwambiri. Posakhalitsa aliyense wofuna mendulo anayamba kutero, moti breaststroke yeniyeni inatsala pang'ono kufa. Mu 1952 FINA inalekanitsa ziwirizi. Miyendo ya chule inasiyidwa, m'malo mwake munabwera kumenya madzi ndi miyendo yophatikiza ngati mchira wa dolphin, nyama ya m'nyanja yooneka ngati nsomba yaikulu. Golide woyamba wa Olimpiki wa amuna, pa mamita 200, anatenga William Yorzyk wa ku America ku Melbourne mu 1956.

Malamulo ake ndi ochepa koma sakhululuka. Thupi likhale chafufumimba. Mikono yonse iwiri ipite kutsogolo limodzi pamwamba pa madzi, ibwerere kumbuyo limodzi pansi pa madzi. Miyendo ikwere ndi kutsika limodzi. Phazi lina likhoza kukhala pamwamba pang'ono pa linzake, koma kusinthanitsa miyendo, wina m'mwamba wina pansi, nkoletsedwa, ndipo kutambasula miyendo ngati chule nkoletsedwanso. Pokhota ndi pomaliza, manja onse awiri akhudze khoma nthawi imodzi, osasanjikizana. Ukadumphira m'madzi kapena ukakhota, mutu utuluke usanapyole mamita 15. Kulakwa chimodzi mwa izi, nthawi yako imafufutidwa ngakhale unafika woyamba. Zolakwa zambiri zimabwera munthu atatopa: mkono wina umayamba kukwawa m'madzi m'malo mouluka, kapena dzanja limodzi limafika pa khoma linzake lisanafike. Palinso msampha wina pomaliza. Wosambira akaona kuti khoma latsala pang'ono, amakopeka kuti angokoka madzi pang'ono kenako n'kukankhira manja kutsogolo pansi pa madzi. Kuteroko ndi kubweza mikono pansi pa madzi, ndipo oweruza oima pa khoma ali pamenepo kudikira zomwezo.

Tsono kasambiridwe kake. Pa kuzungulira kumodzi kwa mikono, miyendo imamenya kawiri. Kumenya koyamba kumabwera pamene manja akulowa m'madzi kutsogolo, motalikirana ngati mapewa. Nthawi imeneyo chifuwa chimatsikira pansi pang'ono, chiuno chimakwera mpaka kuonekera pamwamba pa madzi. Kenako zikhatho zimagwira madzi, zigongono zili m'mwamba, kuti dzanja lonse kuyambira ku chigongono mpaka ku zala likhale ngati nkhafi. Manja amakoka madzi kudutsa pansi pa chifuwa ndi mimba, akuwonjezera liwiro, ndipo pamene akutuluka pafupi ndi ntchafu, miyendo imamenya kachiwiri. Kumenya kwachiwiriku ndi kumene kumaletsa chiuno kumira pamene mikono ili m'mwamba ndipo palibe chogwira madzi.

Aliyense amene anaona amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi amvetsa nkhaniyi. Musi wina ukutsika, wina ukukwera, ndipo ntchito imayenda ngati yopepuka. Mmodzi akangochedwa pang'ono, misi imagundana ndipo onse awiri amatopa pachabe. Butterfly ili chimodzimodzi. Kumenya kwachiwiri kukachedwa, manja amatuluka chiuno chitamira kale, munthu amaima chilili m'madzi, ndipo kuzungulira kotsatira kumayamba ngati kukankha galimoto yozima pa chitunda. Ichi ndi chifukwa chake mwana woonda wodziwa nthawi yake amasiya kumbuyo mnyamata wa minofu ya ku jimu.

Mphamvu ya miyendo siichokera m'mawondo. Imayambira pa chifuwa, imadutsa m'mimba ndi m'chiuno, n'kukathera ku zala za kumapazi ngati chikwapu. Ophunzira ambiri amapinda mawondo kwambiri n'kumamenya madzi ngati akuponya mpira. Ntchafu zikatero zimatsekereza madzi kutsogolo ndipo liwiro limatha. Akakolo ofewa ndi chuma pano. Phazi louma limamenya madzi molunjika pansi, pomwe phazi lofewa limawakankhira kumbuyo, kumene akufunika kupita.

Kupuma ndiye kovuta kwenikweni. Mutu umayamba kukwera pamene manja akukoka, chibwano chimangopita kutsogolo chikukhudza madzi, munthu amakoka mpweya msanga, ndipo nkhope iyenera kubwerera m'madzi manja asanalowe. Wokweza mutu kwambiri kuti apume bwino amamiza chiuno, pakuti thupi m'madzi lili ngati sikelo: mbali ina ikakwera, ina imatsika. Ena amapuma pa kuzungulira kulikonse, ena amadumpha kamodzi. Michael Phelps wa ku America ankapuma pafupifupi nthawi iliyonse ndipo sankataya liwiro, chifukwa mutu wake sunkakwera kutali. Pa mamita 50 akatswiri amapuma kamodzi kapena kawiri, ena osapuma n'komwe. Pa mamita 200 woumira mpweya koyambirira amakalipira ngongole yake kumapeto.

Tibwere ku mamita 15 aja. Odziwa bwalo la mpira aganize za bokosi la penate, limene kuchoka pa mzere wa golo ndi mamita 16.5, mtunda wololedwa pansi pa madzi ndi wocheperako pang'ono. Munthu akadumpha kapena akadzikankha pa khoma amakhala ndi liwiro loposa limene angalipeze akusambira pamwamba. Pamwamba pa madzi thupi limapanga mafunde, ndipo mafundewo amalibweza. Pansi, manja atatambasulidwa kutsogolo, chikhatho china pamwamba pa chinzake, mutu utabisika pakati pa mikono, thupi limadutsa ngati muvi, miyendo ikumenya mofulumira koma mosatambasula kwambiri. Denis Pankratov wa ku Russia anapambana mamita 100 ndi 200 ku Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996 akuyenda mtunda wautali pansi pa madzi, ndipo mu 1998 malire a mamita 15 anaikidwa pa butterfly. Chingwe cholekanitsa maleni, njira za osambira m'dziwe, chili ndi chizindikiro pa mamita 15, ndipo woweruza amaima pambali kuyang'ana mutu.

Pa mamita 100, malo a pansi pa madzi ndi awiri, ndiye kuti mpaka mamita 30. Pa mamita 200 ndi anayi, mpaka mamita 60. Limeneli ndi gawo lalikulu la mpikisano limene mikono sigwira ntchito. Vuto ndi lakuti kukhala pansi n'kosavuta pokhota koyamba, koma pokhota komaliza, mapapo akupsa, thupi lonse limafuna kutuluka nthawi yomweyo. Amene amatha kukaniza thupi lake pamenepo ndiye woopsa. Ku Olimpiki ya ku Paris pa 31 July 2024, mu fainolo ya mamita 200, Kristóf Milák wa ku Hungary ankatsogola pa mamita 150. Léon Marchand wa ku France anakhota ali kumbuyo, anakhalitsa pansi pa madzi, ndipo potuluka mpata unali utachepa kwambiri. Anamudutsa m'mamita omaliza n'kupambana ndi 1:51.21, Milák 1:51.75. Usiku womwewo Marchand anatenganso golide wa breaststroke ya mamita 200. Amene ankangoyang'ana mikono anadabwa kuti zatheka bwanji.

Kutuluka kwake kulinso ndi luso. Manja ayenera kuyamba kukoka pamene mutu watsala pang'ono kuboola madzi. Ukayamba uli pansi kwambiri, mikono imakanika kutuluka ndipo umaima. Ukachedwa, umayandama wopanda liwiro. Makochi ambiri amaletsa kupuma pa kuzungulira koyamba kumeneku, chifukwa kukweza mutu pamenepo kumataya liwiro lonse limene unabwera nalo kuchokera ku khoma.

Pokhota palibe kugubuduka ngati pa freestyle, kuja kosambira mosinthanitsa mikono, popeza manja awiri ayenera kukhudza kaye. Manja akakhudza, dzanja limodzi limachoka nthawi yomweyo n'kubwerera pansi pa madzi, mawondo amakokedwa ku chifuwa, mapazi amaponda khoma, dzanja linalo limadutsa pafupi ndi khutu, munthu n'kudzikankha ali chammbali, kenako n'kutembenukira chafufumimba. Kugwira khoma n'kudzikweza m'mwamba kuti upume bwino ndi kutaya nthawi.

Nthawi imayezedwa ndi chipangizo chopyapyala chomatidwa pa khoma, chimene chimaimitsa wotchi chikakanikizidwa. Mafunde sachiimitsa, chimafuna dzanja lichikanikize. Wotchiyo imawerenga mpaka 0.01 ya sekondi. Munthu wosambira mamita 100 m'masekondi 50 akuyenda mamita awiri pa sekondi, ndiye kuti 0.01 ndi masentimita awiri, kufupika kuposa chala chaching'ono.

Apa ndi pamene butterfly imasiyana ndi masambiridwe ena. Pa freestyle mkono umodzi umakhala uli kutsogolo nthawi zonse. Pa butterfly mikono imafika limodzi, choncho khoma likhoza kukupeza pakati pa kuzungulira. Uli ndi njira ziwiri: kutambasula manja n'kuyandama mpaka ukafike, kapena kuwonjezera kuzungulira kwina kwakufupi. Zonse zili ndi mtengo wake. Ku Olimpiki ya ku Beijing mu 2008, pa mamita 100, Milorad Čavić wa ku Serbia anali patsogolo ndipo anayandama. Phelps anawonjezera theka la kuzungulira n'kumenya khoma mwamphamvu. Phelps 50.58, Čavić 50.59. Patatha zaka zinayi ku London, pa mamita 200, zinatembenuka. Phelps ndiye anayandama, ndipo Chad le Clos wa ku South Africa, mnyamata wa ku Durban wa zaka 20, anafika pa khoma mikono ili pa liwiro: 1:52.96 pa 1:53.01. Phunziro si lakuti njira ina ndi yabwino nthawi zonse. Wosambira wanzeru amawerenga kuzungulira kwa mikono yake pa dziwe lililonse, ndipo amakonza kutalika kwake akadali mamita asanu kapena khumi kuchokera ku khoma, kuti asadzasankhe mwadzidzidzi. Ku Olimpiki ya ku Rio mu 2016 Joseph Schooling wa ku Singapore anapambana mamita 100 ndi 50.39, ndipo Phelps, le Clos ndi László Cseh wa ku Hungary anafika onse atatu pa 51.14 n'kulandira siliva aliyense. Mu fainolo nthawi ikafanana sabwereza, amagawana malowo.

Kugawa mphamvu kumasiyana ndi mtunda. Mamita 50 alibe kukhota ndipo alibe nthawi yokonza cholakwa. Mbiri ya dziko lonse, kutanthauza nthawi yofulumira koposa zonse, ndi masekondi 22.27, imene Andrii Govorov wa ku Ukraine anaika ku Rome mu 2018. Pa mamita 100 theka lachiwiri limachedwa ndi masekondi atatu kapena kupitirira pang'ono, mbali ina chifukwa loyamba lili ndi kudumpha. Caeleb Dressel wa ku America poika mbiri ya 49.45 ku Tokyo mu 2021 anapita ndi 23.00 n'kubwerera ndi 26.45. Milák anabwerera mofulumira kumuposa, koma anali atasiyidwa kale, ndipo anamaliza ndi 49.68. Pa mamita 200 taonani mmene Milák anagawira poika mbiri ya 1:50.34 kwawo ku Budapest mu 2022: 24.19, 27.62, 28.70, 29.83. Ngakhale iye liwiro linkatsika dziwe ndi dziwe. Palibe amene amathamanga kwambiri kumapeto kwa mamita 200 a butterfly. Wooneka ngati akuthamanga ndi amene akutsika pang'onopang'ono kuposa anzake. Wotenga mamita 100 oyamba mopupuluma amadziwika pa mamita 30 omaliza: mikono imafupika, zala zimayamba kukwapula madzi pobwerera, mutu umakwera kwambiri kufuna mpweya, chiuno n'kumira.

Za zovala tingodutsa mwachangu, koma zimathandiza pomvetsa nthawi zakale. Mu 2008 ndi 2009 kunabwera zovala zokuta thupi zokhala ndi polyurethane, mtundu wa pulasitiki, zimene zinkayandamitsa munthu. Ku Rome mu 2009 Phelps anasambira 49.82 ndi 1:51.51. Kuyambira 2010 zovalazo zinaletsedwa, ndipo mwamuna amavala kabudula wa nsalu woyambira pa mchombo kulekeza pamwamba pa mawondo. Nthawi ziwiri za Phelps zija zinakhala zaka khumi, mpaka ku Gwangju mu 2019 pamene Milák, ali ndi zaka 19, anasambira 1:50.73 ndipo Dressel anasambira 49.50.

Kuti munthu afike mu fainolo amadutsa ndime ziwiri. M'mawa kumakhala ndime yoyamba, osambira atagawidwa m'magulu. Chofunika si kupambana gulu lako koma nthawi: 16 othamanga kwambiri mwa onse amapita ku semifainolo madzulo a tsiku lomwelo, ndipo asanu ndi atatu amapita ku fainolo madzulo a tsiku lotsatira. Awiri akafanana pa malo omaliza olowera, amasambiranso okhaokha. Wa nthawi yabwino koposa amapatsidwa leni 4, wotsatira leni 5, kenako 3, 6, 2, 7, 1 ndi 8, n'chifukwa chake mpikisano umaoneka ngati mutu wa muvi. Katswiri amafuna kusunga mphamvu m'mawa, makamaka pa mamita 200, koma akanyanya kusunga amapezeka wa nambala 17. Poyambira, wezulo wautali umawakweza pa nsanja, amauzidwa kuti akonzeke, aliyense amakhala chete osagwedezeka, kenako kulira kwa makina. Wonyamuka kulira kusanamveke amachotsedwa, palibe mwayi wachiwiri. Dziko limodzi silingalowetse oposa awiri pa mtunda umodzi, ndipo pali nthawi zoyenereza zimene bungwe limaika. Palinso malo ochepa operekedwa ku mayiko amene osambira ake sanafike pa nthawizo, ndipo khomo limeneli ndi limene limapatsa mayiko ngati Malawi mwayi wokaima pa nsanja imodzi ndi akatswiri m'ndime ya m'mawa.

Africa si mlendo pa butterfly. Roland Schoeman wa ku South Africa anali katswiri wa dziko lonse pa mamita 50 mu 2005 ndi 2007. Le Clos anatenga mamita 100 ndi 200 ku Barcelona mu 2013, mamita 100 ku Kazan mu 2015, ndi mamita 200 ku Budapest mu 2017. Jason Dunford wa ku Kenya anafika mu fainolo ija ya Phelps ndi Čavić ku Beijing n'kukhala wachisanu. Pa mpikisano wa dziko lonse ku Singapore mu 2025 golide wa mamita 50 ndi 100 anapita kwa Maxime Grousset wa ku France, wa mamita 200 kwa Luca Urlando wa ku America.

Kwa makolo ndi makochi a kuno ku Blantyre pali zinthu ziwiri zoyenera kusamala poyerekeza nthawi za ana athu ndi zimene taonazi. Choyamba ndi kutalika kwa dziwe. Ana ambiri amaphunzirira m'maiwe afupiafupi a m'masukulu ndi m'makalabu. M'dziwe la mamita 25, mpikisano wa mamita 100 uli ndi kukhota katatu m'malo mwa kamodzi, ndipo khoma lililonse limapereka liwiro ndi kupumitsa mikono. Nthawi zake zimakhala zofulumira, n'chifukwa chake mbiri za maiwe awiriwa zimasungidwa padera. Mwana wozolowera dziwe lalifupi akalowa la mamita 50 amadabwa kuti khoma silikufika, ndipo pa butterfly kudabwako kumaoneka pa mamita 35, mikono ikayamba kulemera. Komabe dziwe lalifupi lisanyozedwe. Ngati mpikisano umagamulidwa pa khoma ndi pansi pa madzi, mwana wa m'dziwe la mamita 25 amakumana ndi khoma kawiri kuposa mnzake, ndipo kochi woumirira kuti kuchoka kulikonse pa khoma kukhale ndi manja osanjikizana bwino ndi kumenya miyendo kanayi kapena kasanu akuphunzitsa chinthu chomwecho chimene chinapambanitsa Marchand. Kuyeserera kwa pansi pa madzi kuchitike kochi akuyang'ana, pa mtunda waufupi, ndipo mwana asapumire mwamphamvu kambirimbiri asanamire. Kuumira mpweya mopikisana kumakomola munthu m'madzi mosachenjeza, ngakhale wodziwa kusambira.

Chachiwiri ndi kuzizira. Madzi a mpikisano amasungidwa pakati pa madigiri 25 ndi 28. Kuno June ndi July, chiperoni chikatsika, dziwe la panja lopanda chotenthetsera limazizira moti ana amasiya kulowamo, pomwe anzawo akunja ali pachimake pa kukonzekera. Miyezi imeneyo isapite pachabe: kufewetsa akakolo ndi mapewa, kulimbitsa mimba ndi msana, zonsezi zimatheka pa mkeka. Madzi akafunda, butterfly iyambidwe pang'onopang'ono, mamita 25 kapena kuzungulira kwa mikono kanayi kokha kochitidwa bwino, kenako kupuma. Kusambiritsa mwana mtunda wautali kasambiridwe katasokonekera kumangomuzoloweza kusambira chilili, ndipo kumavulaza mapewa.

Mpikisano wotsatira wa dziko lonse m'dziwe lalitali udzachitikira ku Budapest mu 2027, ndipo m'miyezi ya pakati pa chaka wotchi ya kumeneko imafanana ndi yathu, choncho mafainolo adzakhala madzulo athu omwe. Pa mamita 200, osambira akamakhota komaliza, siyani kaye wotsogola. Yang'anani mitu imene yatuluka msanga ndi umene wachedwa kutuluka, kenako muwerenge kuti mikono yazungulira kangati mpaka ku khoma.